Katundu Nambala 41

Anandilemba ganyu ya tsiku limodzi:
kunyamula, kukweza m'mwamba, kukhala chete.
Malaya oyera anachita kundibwereka,
kolala yake ikundikanda m'khosi.

Nyumba ya malemu Dokotala Kaphwiti, kuseri kwa boma,
lero ili pa okushoni.
Ana awo ali kunja, akuti mipando sikwera ndege.
Galimoto za ku Lilongwe ndi ku Limbe
zathithikana pansi pa migwalangwa,
a kabaza aima kumpanda, makosi ali tolotolo.

Tinayamba ndi zithunzi zopenta.
China chinali mizere itatu yofiira pa nsalu yotuwa.
Ndinachigwira chozondoka, palibe anazindikira,
chinapita ndi mamiliyoni awiri.
Kenako mpando wa miyendo yowonda ngati ya kakowa,
akuti ndi nzeru za mmisiri wotchuka wa ku Ulaya.
Mayi wina wa magalasi akuda anafuna kuukhalira.
Anamuletsa: Uwu si wokhalira, mayi.

Dzuwa la ku Mangochi silidziwa bwana.
Mwini hamala, Bambo Chisesa, thukuta lili kamukamu,
anakuwa: Katundu nambala 41!
Chosema chamakedzana, mayi wosenza mtsuko,
zaka mazana awiri,
mmisiri wake sadziwika.

Ndinavundukula nsalu.
Manja anga anamudziwa maso asanamuone.

Khutu lakumanzere n'lalifupi.
Sompho inaterereka pamenepo Lachisanu lina
azana itamveka ku mzikiti ntchito ili pakati.
Bambo anga, Che Likwanya a ku Makawa,
anasema mayiyu ndili sitandade faifi.
Dzenje ndinakumba ndine, kuseri kwa khola la mbuzi.
Tinamukwirira miyezi itatu kuti chiswe chimulawe,
kenako utsi wa zitsononkho, polishi wa nsapato,
mpaka anakalamba kuposa aliyense m'mudzi.
Dokotala anaima pamsewu, anatsitsa galasi theka,
anapereka yokwana thumba limodzi la chimanga
ndi yunifolomu yanga.

Mmisiri wake sadziwika!
Pansi pa phazi pali timizere titatu,
siginecha ya munthu wosadziwa kulemba.
Chala changa chinali pomwepo.

Manja anayamba kukwera.
Miliyoni. Miliyoni ndi theka.
Wina akunong'oneza pa foni, bwana wake ali kutali.
Mamiliyoni atatu.
Mikono yanga ikunjenjemera,
chonsecho mbawa ikauma silemera.

Ndikanangoti: Taimani, awa ndi manja a bambo anga.
Koma zaka mazana awiri zikanagwa pansi ngati mbiya
n'kutsala makumi awiri okha.
Manja onse aja akanabwerera m'matumba.
Dzina la bambo likanatchipitsa ntchito ya bambo.

Ndinakumbukira mmene ankasekera pomufukula,
akusasa dothi ndi nthenga ya nkhuku:
Twaibu, olemera sagula mtengo,
amagula nkhani yoti akauze alendo awo.

Kamodzi.
Kawiri.
Hamala ija pathebulo: gu!

Ndinamukulunga m'nyuzipepala zakale,
ndinamugoneka pampando wakumbuyo,
mwini wake watsopano anamumanga lamba ngati mwana.
Usamale iwe, ichi n'chakale kuposa mtundu wako wonse.
Ndinati: Ndikudziwa, bwana.
Anandipatira ya fanta.

Malaya oyera ndinabweza.
Ndinakwera matola, ndinatsikira pa Makawa.
Bambo anali pakhonde, ng'ala m'maso onse awiri,
akupalasa kachikho ndi zala, poti zala sizichita khungu.
Ndinawauza zonse, mpaka mtengo wake.
Anandiuza ndibwereze.
Ndinabwereza, pang'onopang'ono, ngati ndikuwerenga kalata ya maliro.

Anakhala chete nthawi yaitali,
mpeni uli m'manja.
Kenako mapewa anayamba kugwedezeka,
sindinadziwe ngati n'kuseka.

Anangofunsa chimodzi:
Nanga khutu lija,
palibe analiona?